Musanaime pamzere wa printa: zimene ndinaona m'chipinda chosindikizira cha pa yunivesite

Pamene ndinali wophunzira pa yunivesite ndinapeza kantchito ka maola ochepa kothandiza m'chipinda chosindikizira mapepala, chimene chinali mkati mwa laibulale. Sinali ntchito yaukatswiri. Ndinkadzaza mapepala m'mathireyi, kuchotsa pepala likakakamira m'makina, kuitana abambo amene ankayang'anira makinawo vuto likandikulira, ndi kuthandiza aliyense amene waima pa printa osadziwa podina. Ndikulemba izi chifukwa zimandipwetekabe mtima ndikakumbukira anthu amene ndinawaona pamenepo. Anali anthu anzeru, olimbikira, ena atachezera usiku wonse akulemba, koma ankataya ndalama, nthawi, ngakhale mamalikisi, pa tinthu timene palibe anawauza. Ophunzira atsopano akafika amaonetsedwa makalasi, mashelefu a mabuku ndi ofesi yolipirira. Printa amangowalozera chapatali, poganiza kuti aliyense akuidziwa kale.

Chachikulu chimene ndinaona n'chakuti mavuto ambiri a pa printa sabadwira pa printa. Munthu amabwera nawo ali kale m'fayilo, atalowamo maola angapo m'mbuyomo pa laputopu yake, ndipo makina amangowaika papepala. Pofika pamzere nthawi yowakonza imakhala itatha, anthu akukuyang'anani kumbuyo, mtima uli m'mwamba.

Ndiyambe ndi mmene zinthu zimayendera, chifukwa ambiri amasokonekera pomwepa. M'mayunivesite ambiri masiku ano, mukadina Print pa kompyuta pepala silituluka nthawi yomweyo. Fayilo yanu imapita kaye ku kompyuta yaikulu ya sukulu n'kukakhala pamndandanda wa dzina lanu. Inu mumapita pa printa iliyonse yolumikizidwa, kugunditsa khadi lanu la ophunzira kapena kulemba nambala yanu ndi pasiwedi, ndipo pasikirini pamaoneka zonse zimene munatumiza. Mukasankha, ndi pamene makina amayamba kugwira ntchito, ndi pamenenso ndalama zimachoka mu akaunti yanu. Pulogalamu yodziwika kwambiri yoyendetsa zimenezi ndi PaperCut, koma zilipo zina ndipo kagwiridwe kake n'kofanana. Sukulu zina zimaika kangachepe mu akaunti ya wophunzira aliyense chaka chikamayamba, zina mumayamba mwaikamo zanu.

Amene sakudziwa zimenezi amadina Print, n'kusuzumira ku printa, osaona kanthu, n'kudinanso, n'kudinanso. Akafika pa makina amaona batani lotulutsa zonse nthawi imodzi, n'kulidina ndi mtima woyera. Ndimakumbukira mtsikana wina wa chaka choyamba amene lipoti lake lalitali linatuluka mobwerezabwereza mpaka akaunti kuuma, iye ataima pamenepo manja ali pakamwa. Anali asanaprinte asayimenti ina imene ankayenera kupereka tsiku lomwelo. Choncho musanadine chilichonse, werengani mndandandawo. Umaonetsa dzina la fayilo, chiwerengero cha masamba, ndipo kawirikawiri ndi ndalama zimene zichoke. Zobwereza zifufuteni pomwepo. Mukaona masamba 60 pamene inu mukudziwa kuti munalemba 12, china chake chalakwika, bwererani ku kompyuta. Dziwaninso kuti mafayilo sakhala pamndandanda mpaka kalekale. Pakapita maola angapo, kwina tsiku limodzi, amafufutika okha, ndiye musatumize usiku n'kumadalira kuti mukazipeza mkuja. Za kuika ndalama mu akaunti, chitani tsiku limene mulibe changu. Ofesi imatseka, intaneti imadula, ndipo nthawi zina ndalama zimachedwa kuonekera.

Tsopano nkhani ya PDF, imene ndikanakonda itamalembedwa pachitseko cha chipinda chilichonse chosindikizira. Fayilo ya Word simaoneka chimodzimodzi pa makompyuta onse. Pa laputopu yanu munasankha mtundu wina wa zilembo wokusangalatsani, koma kompyuta ya m'laibulale ilibe mtundu umenewo, ndiye imaikapo wina mwakachetechete. Zilembo zatsopanozo zikakhala zokulirapo pang'ono, mizere imasuntha, mutu wa nkhani umatsalira wokha kumunsi kwa tsamba, tebulo limaduka pakati, ndipo manambala a masamba amene munalemba m'zamkatimu sagwirizananso ndi kumene nkhanizo zili. Amene amadumphira m'munsi podina Enter kambirimbiri kuti ayambe tsamba latsopano ndi amene amavutika kwambiri, chifukwa kusuntha kwa mzere umodzi kumabereka masamba opanda kanthu pakati pa lipoti, ndipo masamba opanda kanthuwo nthawi zambiri amawerengedwa pa malipiro. PDF inapangidwa ndi kampani ya Adobe mu 1993 pofuna kuthetsa vuto lomweli, kuti chikalata chizioneka mofanana kulikonse kumene chatsegulidwa. Imatenga zilembo ndi kaikidwe ka tsamba n'kuzimangira m'fayilo momwemo.

Koma kusandutsa fayilo kukhala PDF ndi theka chabe la ntchito. Itsegulani PDF imeneyo pa laputopu yanu, muyende tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto. Zimene mukuona pamenepo ndi zimene zidzatuluke. Apa ndi pamene mudzagwire ndemanga zimene aphunzitsi kapena mnzanu analemba m'mbali pokonza ntchito yanu. Mu Word, ndemanga ndi zosintha za Track Changes, njira imene imaonetsa mawu onse amene munthu wafufuta kapena kuonjezera, zimatuluka nawo papepala ngati simunazichotse. Tsamba lonse limachepetsedwa kuti kumanja kupezeke malo a ndemangazo, ndipo mawu ofufutidwa amaoneka ndi mzere pakati. Mnyamata wina anafika nazo zotero mpaka pa tebulo lobayindira. Nditamuonetsa ndemanga ya aphunzitsi ake ili pambali pa ndime yoyamba, anangoti, "Achimwene, ndikanapereka chonchi?" Kuzibisa pasikirini sikuzichotsa. Muyenera kuvomereza kapena kukana zosintha zonse, n'kufufuta ndemanga, kenako n'kupanga PDF yatsopano. Ndipo fayilo yomalizayo ipatseni dzina lomveka, lokhala ndi dzina lanu ndi deti, chifukwa ndinaona anthu angapo akuprinta ntchito ya sabata yatha poti mafayilo awo onse anali ndi mayina ofanana.

Vuto lina limene linkaimitsa mzere pafupifupi tsiku lililonse ndi la kukula kwa pepala. Maiko ambiri amagwiritsa ntchito A4, amene ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Ku United States ndi ku Canada amagwiritsa ntchito Letter, amene ndi pafupifupi mamilimita 216 ndi 279, kutanthauza kuti ndi wotambalala pang'ono koma wamfupi. Ndi maso simungasiyanitse pasikirini. Koma nkhani zambiri za akatswiri zimene mumatenga pa intaneti zinakonzedwa pa Letter, ndipo mapulogalamu ena amabwera atatcheredwa kale pa Letter inu osadziwa. Printa ikalandira fayilo yofuna pepala limene mulibe m'thireyi, imaima, n'kuyatsa kagetsi, n'kulemba uthenga wopempha pepalalo. Mwini fayiloyo amaganiza kuti makina afa, n'kusamukira pa printa ina kukachita zomwezo. Panthawiyi onse amene ali kumbuyo aima, chifukwa printa ili ngati mlatho wopapatiza, mmodzi akaima pakati palibe wodutsa. Kukonza kwake n'kwa kamphindi: pa kompyuta, posankha pepala, ikani limene sukulu yanu imagwiritsa ntchito, ndipo pa PDF sankhani Fit kuti tsamba likwane.

Fit yemweyo ali ndi malo amene safunika. Ngati mukuphunzira za zomangamanga, uinjiniya kapena mapu, ndipo chojambula chanu chili ndi sikelo, Fit amachichepetsa pang'ono, sikeloyo n'kukhala yabodza. Aphunzitsi akaika rula adzapeza miyeso yolakwika. Pamenepo sankhani Actual size, ndipo mukatulutsa yezani mzere umodzi ndi rula musanachoke. Pa fotokope, kukulitsa A4 kukhala A3 ndi 141 peresenti, kuchepetsa A3 kukhala A4 ndi 71 peresenti. Makina ambiri ali ndi mabatani a zimenezi kale. Kumbukiraninso kuti printa wamba siilemba mpaka kumphepete kwenikweni kwa pepala, imasiya kampata ka mamilimita angapo mbali zonse, ndiye chimene mwachiika kumapeto kwenikweni chimadulidwa.

Kumene ndalama za ophunzira zinkathera mosadziwika ndi ku mitundu. Tsamba la mitundu limadula kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi lakuda ndi loyera, izi aliyense amadziwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti makina saona ngati mmene ife timaonera. Linki imodzi ya buluu pamndandanda wa mabuku amene mwagwiritsa ntchito, kachizindikiro ka sukulu pamwamba pa tsamba, kamzere kofiirira pansi pa mutu, zonsezi zimachititsa kuti tsambalo liwerengedwe ngati la mitundu. M'malo ena, mukangotumiza fayilo ku printa ya mitundu, masamba onse amalipitsidwa mtengo wa mitundu ngakhale chithunzi chili pa tsamba limodzi lokha. Njira imene ndinkalangiza aliyense ndi iyi: tumizani fayilo yonse ngati yakuda ndi yoyera posankha Grayscale kapena Black and white, kenako masamba awiri kapena atatu amene akufunikadi mitundu muwatumize paokha polemba manambala ake, n'kuwalowetsa m'malo mwake ndi manja. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma pa lipoti lalikulu imapulumutsa ndalama zambiri.

Ngati mwaganiza zoprinta zonse zakuda ndi zoyera, yang'ananinso matchati anu. Mzere wofiira ndi wobiriwira, imene imasiyana bwinobwino pasikirini, ikatuluka imafanana yonse kukhala yotuwa, ndipo woiwerenga sangadziwe uti ndi uti. Zimandimvetsa chisoni chifukwa tchati ndi pamene pamakhala zotsatira za kafukufuku, thukuta lenileni la munthu. Pojambula, mzere wina upangeni wa timadontho, wina wodukaduka, wina wathunthu, kapena lembani dzina la mzere uliwonse pambali pake. Ngakhale pa printa ya mitundu musayembekeze kuwala kumene mukuona pa laputopu. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, pamene printa imasakaniza ufa wa mitundu inayi papepala, ndiye zotuluka zimakhala zozimirirako. Makina sanalakwe pamenepo, ndi mmene zilili.

Kuprinta mbali zonse ziwiri za pepala kumachepetsa mapepala ndi theka, ndipo m'malo ambiri kumatsika mtengo. Pamakhala zosankha ziwiri. Flip on long edge ndi ya masamba oimirira, otsegulidwa ngati buku. Flip on short edge ndi ya masamba ogona cham'mbali, monga matebulo aakulu. Mukasemphanitsa, tsamba lachiwiri lililonse limatuluka chadodolido. Koma musanasankhe, werengani malamulo a dipatimenti yanu, chifukwa aphunzitsi ena amafuna mbali imodzi kuti azilemba ndemanga kuseri.

Manotsi a PowerPoint ndi dzenje lina. Ndinkaona anthu akutulutsa silayidi imodzi patsamba lathunthu, mawu asanu okha a zilembo zikuluzikulu, masamba makumimakumi a phunziro limodzi. Mungathe kuika masilayidi 4 kapena 6 patsamba limodzi n'kumawerengeka bwino, ndipo pali njira ya masilayidi 3 imene imasiya mizere pambali yolembapo zanu m'kalasi. Masilayidi a kumbuyo kwakuda asandutseni oyera kaye, apo ayi tsamba limatuluka lodzaza ndi tona, ufa umene printa imalembera, mawu osaoneka, polemba palibe. Za Excel ndingonena mwachidule: musayerekeze kuprinta musanaone Print preview. Tebulo lotambalala limagawika m'masamba ambirimbiri, ena okhala ndi nambala imodzi yokha. Sankhani gawo limene mukufuna, ligonekeni cham'mbali, ndipo muuze pulogalamuyo kuti mizati yonse ikwane patsamba limodzi.

Ndikambeko za makinawo, chifukwa kuwamvetsa kumathandiza kuwalemekeza. Maprinta a m'masukulu ambiri ndi a leza. Sagwiritsa ntchito inki yamadzi koma ufa wosalala wotchedwa tona, umene umamatira papepala n'kusungunulidwa ndi chigawo china chotentha pafupifupi madigiri 200. N'chifukwa chake mapepala amatuluka ofunda. N'chifukwa chakenso simuyenera kuikamo pepala lanu osafunsa. Mapepala onyezimira opangidwira printa ya inki, mapulasitiki, ndi timapepala tomata zimatha kusungunuka kapena kumatirira mkati, ndipo makina amene akanathandiza anthu mazana amakhala ataima masiku angapo kudikira amisiri. Pepala wamba la m'maofesi ndi la magalamu 80 pa sikweya mita. Ngati mukufuna lokhuthala la chikuto, pali kathireyi ka m'mbali kolowetsera mapepala apadera, ndipo makina amayenera kuuzidwa kulemera kwake kuti achepetse liwiro. Pepala limene lagwira chinyezi kapena lapindika m'chikwama limakakamira msanga.

Pepala likakakamira, chonde musalikoke mwamphamvu. Pasikirini pamaoneka chithunzi cha chitseko choyenera kutsegula, ndipo pepalalo limakokedwa pang'onopang'ono ndi manja awiri. Likang'ambika, kachidutswa kochepa kotsalira mkati kamakwanira kuimitsa makina tsiku lonse. Mkatimo mulinso motentha moti mutha kupsa chala. Ngati simukudziwa, itanani wothandiza, ndiyo ntchito yake. Chimene chinkandiwawa ndi anthu amene pepala likawakakamira amangochokapo mwakachetechete, kusiya wotsatira akuvutika ndi vuto limene sakudziwa mmene layambira. Kunena sikukupalamulitsani mlandu. Tona ikakugwerani pa malaya, ikutumuleni kaye kenako muchape ndi madzi ozizira, chifukwa madzi otentha amaimatiriza pansalu monga mmene makina amachitira papepala.

Sabata yopereka malipoti a kafukufuku wa chaka chomaliza inali nthawi yovuta kuposa zonse. Anthu a m'kalasi imodzi amapatsidwa tsiku limodzi ndi ola limodzi, ndipo pafupifupi onse amabwera maola awiri omalizawo, aliyense ndi masamba 80 kapena 100, ena makope awiri kapena atatu. Paketi imodzi ya mapepala imakhala ndi 500, ndiye anthu ochepa okha amaimaliza. Makina amatentha, tona imatha, mapepala amakakamira kwambiri pa tsiku lomwelo limene simukufuna. Mzere wa kobayinditsa umakhala wina paokha. Ndinaona anthu akuluakulu akulira misozi m'chipinda chimenecho, ntchito ya chaka chonse ili m'fulashi koma osatha kuiika papepala. Kuthamanga sikufika. Amene ankabwera dzulo lake, kapena m'mawa chitseko chikangotsegulidwa, ankapeza makina ozizira ndi ogwira ntchito amene ali ndi mpata wowamvetsera. Pokonza ndondomeko ya kafukufuku wanu, tsiku lomaliza kulemba likhale masiku awiri lisanafike tsiku lopereka, ndipo masiku awiriwo muwatenge ngati gawo la ntchitoyo.

Pa lipoti lalikulu, yambani mwatulutsa masamba atatu kapena anayi okha: chikuto, tsamba la mawu okhaokha, tsamba la tchati, ndi la tebulo. Aoneni bwino pa kuwala. Ngati zilembo zikutuwa kapena pali mizere yoyera yotsika, tona yatsala pang'ono kutha, pitani pa makina ena musanawononge masamba 100. Onaninso mpata wa kumanzere. Kubayinda kumadya mbali ya pepala, ndipo ngati mpatawo ndi wochepa, mabowo amaboola zilembo zoyambirira za mzere uliwonse. Madipatimenti ambiri amanena kukula kwa mpata umenewu m'malamulo awo, tsatirani zimenezo. Mukaprinta mbali zonse ziwiri, mpata waukuluwo umasinthana, kumanzere patsamba lina, kumanja patsamba lotsatira, ndipo mu Word zimenezi zimatheka posankha Mirror margins. Zonse zikatuluka, khalani pansi muwerenge manambala a masamba limodzi ndi limodzi musanapereke kobayinda. Makina nthawi zina amakoka mapepala awiri pamodzi. Kumasula buku lobayinda kale kuti mulowetse tsamba losowa ndi ntchito yowawa.

Mapositala a zionetsero za kafukufuku ali ndi nkhani yawo. Amakhala a A1, mamilimita 594 ndi 841, kapena A0, mamilimita 841 ndi 1189, ndipo amatuluka pa makina apadera amene amachedwa ndipo nthawi zambiri amafuna kuti mulembetse pasadakhale. Konzani positalayo pa kukula kwake kwenikweni kuyambira pachiyambi. Chithunzi chimene mwachitola pa intaneti chimaoneka bwino pasikirini, koma chikakulitsidwa chimasanduka timabokosi. Musanatumize, kulitsani fayiloyo pa kompyuta kufika 100 peresenti muone chithunzi chilichonse. Positala ikalakwika ndalama zake n'zambiri, ndiye itulutseni kaye pa A4 kapena A3, mupatse mnzanu aiwerenge.

Pali zina zimene sizikhudza ndalama koma zinkandidetsa nkhawa kwambiri. Madzulo aliwonse potseka tinkatola zinthu zimene anthu aiwala: ziphaso ndi mapasipoti pagalasi la fotokope, mapepala a ku banki, makalata a kuchipatala, zotsatira za mayeso, zonse zili poyera pa thireyi. Munthu amatenga kope n'kuiwala chenichenicho pansi pa chivindikiro. Zizolowezeni kutsegula chivindikirocho musanachoke, ngakhale mukukhulupirira kuti mwatenga zonse. Pa makompyuta a onse ndinkapeza maimelo ali otsegula, ndi asayimenti za anthu zitasungidwa pamene aliyense angazikopere. Wina akatenga ntchito yanu n'kuipereka ngati yake, nonse awiri mudzaitanidwa kukayankha mlandu wokopera, ndipo kudziyeretsa sikophweka. Fufutani fayilo mukamaliza, tulukani mu imelo, tulukaninso pa printa, chifukwa mukasiya akaunti yanu yotsegula wobwera pambuyo angathe kujambula fotokope pa ndalama zanu, nthawi zina iye osadziwa n'komwe. Fulashi imene yalowa m'makompyuta ambiri imanyamula mavairasi, ndipo ndinaona mafayilo a anthu atasanduka zinthu zosatseguka. Dzitumizireni PDF yanu pa imelo kapena muisunge pa intaneti kuti mukhale nayo malo awiri.

Makina omwewo amajambulanso mapepala n'kuwatumiza ku imelo yanu, ndipo m'malo ambiri zimenezi n'zaulere kapena zotsika mtengo kwambiri. Pa mawu olembedwa, 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse ya chojambulidwacho, ndi yokwanira, mukapitirira fayilo imangolemera mpaka kukana kupita. Chotsani mawaya omangira mapepala musanawaike m'chokokera cha pamwamba, chifukwa amang'amba pepala ndi kukanda galasi. Za kujambula mabuku, lamulo loteteza eni mabuku m'maiko ambiri limalola kagawo kochepa kuti munthu aphunzirire, koma osati buku lonse. Ndikudziwa kuti mabuku ndi odula ndipo makope a m'laibulale sakwanira. Komabe musanathere ndalama pojambula buku lathunthu, funsani oyang'anira laibulale. Kawirikawiri amadziwa kumene bukulo likupezeka pa intaneti mololedwa kudzera mu akaunti ya sukulu.

Anthu ankandifunsa ngati kuli bwino kungogula printa yawoyawo. Ine maganizo anga ndi akuti kwa wophunzira mmodzi amene amaprinta mwa apo ndi apo, sizipindula. Maprinta ang'onoang'ono a inki amatchipa pogula, koma inki yake imadula, ndipo akakhala milungu osagwiritsidwa ntchito inkiyo imauma m'timabowo take. Tsamba limodzi la pa leza ya sukulu nthawi zambiri limatsika mtengo kuposa la pa makina oterowo. Chimene chimapulumutsa kwambiri ndi kusankha zoyenera kuprinta. Ndinkaona milu ya nkhani zimene anthu ankatulutsa semesita ikamayamba ndi cholinga chabwino, n'kudzazipeza m'bini zili zoyera osakhudzidwa. Ine ndinkaprinta zokhazo zimene ndikufuna kulembamo ndi cholembera: nkhani yovuta yofuna kuiwerenga kawiri katatu, mafunso a mayeso akale, ndi ntchito yanga ndisanaipereke. Chomalizachi ndimachilimbikitsa ndi mtima wonse. Zolakwika zimene maso amazidumpha pasikirini zimaonekera papepala, ndipo kope loyeserera mungalitulutse masamba awiri pambali imodzi, lakuda ndi loyera.

Makina akakudyerani ndalama popanda kutulutsa kanthu, kapena akatulutsa masamba othimbirira, musangodandaula n'kuchoka. M'malo ambiri ndalamazo zimabwezedwa mu akaunti ngati vuto linali la makina. Sungani masamba olakwikawo, lembani nambala ya printa ndi nthawi, ndipo kaneneni tsiku lomwelo, chifukwa ogwira ntchito amatha kuona m'kompyuta zonse zimene zinachitika pa akaunti yanu. Abambo amene ndinkagwira nawo ntchito ankathandiza aliyense, koma ndinkaona mmene nkhope yawo inkamasukira munthu akayamba ndi moni n'kunena modekha kuti, "Bambo, pepani, ndithandizeni, makina awa andidula ndalama koma sanatulutse." Anthu amenewa amakhala atakalipiridwa tsiku lonse pa zinthu zimene sanalakwe, ndipo ndi iwo amene amadziwa printa ina ya m'nyumba ina imene ilibe mzere.

Nanga zikavuta zenizeni, ola lopereka latsala pang'ono ndipo makina onse aima? Musataye mphindi zotsalazo mutangoima pamzere. Tumizani PDF yanu yomaliza pa imelo kwa aphunzitsi kapena ku ofesi ya dipatimenti nthawi isanakwane, mufotokoze mwachidule kuti maprinta afa ndipo kope la papepala likubwera. Jambulani ndi foni uthenga umene uli pasikirini ya makina, ndipo pemphani wogwira ntchito m'chipindamo kuti akulembereni kakalata kotsimikiza kapena aimbire ku dipatimentiko. Si aphunzitsi onse amene amavomera, koma imelo yokhala ndi nthawi yake imasonyeza kuti ntchito inali itatha, ndipo ndinaona ambiri akupulumuka nayo. Mukatero kafunseni ngati ofesi ya dipatimenti ingakutulutsireni kope limodzi, ndipo limene mudzapereke papepala likhale lofanana ndendende ndi limene munatumiza.